Kuseka Kotsalira M'chidole

Chidolecho chinagona chafufumimba patebulo la Javlon, msana uli wotsegula, tsitsi lake lachikasu litaphimba tizida togwirira ntchito. Chinali chakale kwambiri, cha nthawi imene amayi ake a Hulkar, mwini chidolecho, anali kamtsikana. M'mimba mwake munali kambale kakang'ono kakuda ndi kasingano kamene kankayenda pamwamba pake chidole chikamalankhula. Kambaleko kanali kosweka pakati.

"Mawu akale aja sabwereranso," anatero Javlon. "Ndafunsa mpaka ku Tashkent. Amene ankapanga timbale totere anamwalira onse."

Hulkar anaima pakhomo la kashopuko, kumapeto kwa mzere wa okonza mawailesi mumsika wa ku Kokand. Anavala diresi labuluu la maliro, mwana wake Munisa ali pachiuno. Mwamuna wake Sanjar anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba imene ankamanga ku Russia, ndipo chaka chinali chisanathe. Munisa anali kuyandikira zaka zitatu koma anali asanatchulepo liwu n'limodzi lomwe. Dokotala anamuyeza makutu n'kupeza kuti ali bwino, kenako anafunsa kuti, kodi kunyumba mumalankhula naye? Hulkar ankadziwa kuti salankhula naye kwenikweni. Kwa apongozi ake, kelin, mkazi wokwatiwira pakhomo, sakweza mawu. Ndipo chifikireni mtembo, wailesi inali yophimbidwa ndi nsalu.

"Ndiye basi chafa?" anafunsa Hulkar.

"Ayi. Ndaikamo kamakina kena kosunga mawu a munthu. Mwana akakanikiza pamimba, kazibwereza zimene mwakauza. Dokotala uja ananena zoona, ana amatola mawu akamawamva kawirikawiri."

"Ndiye mukauze inuyo, usta," anatero Hulkar, pomutchula monga amatchulira mmisiri kumeneko.

"Chidole cha tsitsi lachikasu chilankhule ndi mawu anga? Mwanayu aleka ndi kulira komwe."

Hulkar sanamwetulire, koma analowa n'kukhala pampando. Javlon anayang'ana kumbali. Zaka zapitazo iye anafuna kutumiza akuluakulu kwa bambo ake a Hulkar, koma anachedwa n'kulingalira. Anthu a Sanjar anafika msanga, buledi wa chinkhoswe n'kunyemedwa. Nkhaniyo sanaiuzepo munthu.

Anachikhazika chidole, n'kukanikiza kabatani kamsana.

"Lankhulani."

"Amayi," ananong'ona Hulkar.

Javlon anachotsa chala. "Kwezani mawu. Kuno si kwa apongozi. Tiyambirenso."

Hulkar anapuma mozama. "Amayi. Madzi. Buledi. Mphaka. Bwera kwa amayi, Munisa."

Nthawi yomweyo diso limodzi la chidole, limene linali lisanakonzedwe, linatsekeka lokha pang'onopang'ono, linalo lili tong'o.

"Taonani, Hulkar," anatero Javlon, "chikukutsinzinirani diso ngati anyamata ogulitsa makangaza."

Hulkar anaseka. Kunali kuseka kwa munthu amene anaiwala kuti amatha kuseka, kotuluka mosapempha, ndipo anagwira pakamwa kutatuluka kale. Chala cha Javlon chinali chikadali pakabatani.

Atakanikiza pamimba, zonse zinabwera motsatana: mawu aja, mawu a Javlon akutchula dzina la Hulkar, kenako kuseka. Munisa, amene nthawi yonseyi ankangoyang'ana khoma, anatembenuka. Anayang'ana chidole, n'kuyang'ana pakamwa pa amayi ake, n'kutulutsa kaphokoso kochokera kukhosi.

"Mma."

Onse awiri anayang'ana mwanayo.

"Kamakina aka sikadula pakati," anatero Javlon patapita kanthawi. "Ukafufuta, umafufuta zonse. Tiyambirenso."

"Musafufute."

"Kunyumba kwanu akamva..."

"Ndizichizimitsa chisanafike pamenepo. Pali pozimitsira, eti?"

"Palipo, kuseri kwa khosi."

"Ndiye musafufute, usta. Mwamumva nokha."

* * *

Javlon anatenga chidolecho n'kupita nacho kunyumba kuti akamalize diso ndi kumata tsitsi. Lachisanu masana anakhala pabwalo, pansi pa mpesa umene unali utayoyola masamba, ndipo ntchito itatha anapitirizabe kukanikiza pamimba. Sanadziwe kuti msuweni wake wamkazi Charos, mwana wa amalume ake, waima kumbuyo ndi ketulo ya tiyi. Masiku amenewo Charos ankabwera pafupipafupi kudzathandiza azakhali ake, ndipo msewu wonse unkadziwa chifukwa chake.

"Ine ndimati mwabisa mkazi pabwalo pano, Javlon aka. Kani ndi wapulasitiki," anatero Charos, pomutchula aka, kutanthauza achimwene.

"Ndi ntchito."

"Akusekayo ndani?"

"Mwini chidole."

"Makasitomala anu ngosangalala. Anga akabwera kudzasoketsa madiresi amangodandaula za mawondo." Anathira tiyi m'kambale n'kumupatsa. "Ine munandisekesapo liti?"

Javlon asanayankhe, munthu anagogoda pachipata. Amayi ake, a Saltanat, anatuluka m'khitchini akupukuta manja, n'kukatsegula. Anali Hulkar, atanyamula kansalu koyera komanga pamwamba.

"Mtendere ukhale nanu, azakhali. Andituma apongozi."

Sanafunike kunena zambiri. Mwana akachedwa kulankhula, mayi wake amayenda nyumba zisanu ndi ziwiri kupempha chidutswa cha buledi, ndipo amasankha nyumba za anthu odziwika ndi pakamwa. A Tursunoy, apongozi ake a Hulkar, za chidole sankazikhulupirira. Iwo ankadziwa za buledi.

"Ndiye a Tursunoy aona kuti wolongolola m'dera lino ndine?" anatero a Saltanat. "Chabwino. Sananame."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buledi wozungulira, wotentha. Ananyema chidutswa n'kuchipereka ndi manja awiri, monga buledi amafunira. Kenako maso awo anadutsa paphewa la Hulkar, n'kukafika pa mwana wawo amene anali ataimirira, chidole chili m'manja.

"Buledi sitimana munthu, mwanawe. Mulungu amasule lilime la mwana wako. Koma ndikuuziretu pano pachipata kuti usadzavutike n'kuyembekeza. Buledi amene utenge pakhomo lino ndi yekhayu. Winayo, wa chinkhoswe, ndinamusungira kale mwini wake."

"Amayi," anatero Javlon.

"Ndikulankhula ndi mlendo. Iwe kasewere ndi chidole chako."

Hulkar anamanga kansalu kake mosafulumira, n'kuika dzanja pachifuwa. "Zikomo, azakhali."

"Mukadyetsa liti mwanayo?" anafunsa Charos mokoma. "Ndibwere nawo, ndiimire azakhali. Mawondo awo sakuwalola."

"Lamlungu," anatero Hulkar, n'kutembenuka.

* * *

Mawa lake Javlon anapereka chidole kwa mkazi wa wokonza nsapato, amene ankakhala moyandikana ndi a Tursunoy, kuti akachisiye. Kenako analembera Hulkar pafoni.

"Pepani za amayi. Lilime lawo limathamanga, mtima umatsalira."

Yankho linabwera nthawi ya pemphero la masana, pamene apongozi amakhala atatseka chitseko.

"Sanalakwe. Ananena zimene aliyense akanandiuza."

"Ine sindinanenepo."

"Musanene."

Javlon anayang'ana foniyo nthawi yaitali. Kunja kunali kuwaza kamvula kozizira, ndipo ogulitsa ankaphimba katundu ndi mapepala. Anakumbukira kuti ulendo woyamba anachedwa.

"Mukavula zabuluu ndidzatumiza akuluakulu kwa bambo anu. Amayi akakana, ndidzatuma amalume ena. Ndikanakuuzani pamaso, koma simundiyang'ana."

"Javlon aka, ndikatuluka pachipata chino ngati mkazi wa wina, Munisa atsala. Ndi magazi awo. Ndi yekhayo amene Sanjar anawasiyira."

"Lamulo la boma silitero."

"Lamulo la boma silikhala mumsewu mwathu. Bambo anga sangapite kukhoti ndi anthu amene ananyema nawo buledi."

"Ndiye mukhala choncho mpaka liti?"

"Mpaka mwana wanga akule. Chidole chafika. Wagona nacho. Ndimachizimitsa chikangotchula dzina lake, koma iye amalira, amafuna kumapeto kuja."

"Nanga inu?"

Kenako panabwera mawu awa: "Ndikufufuta zonsezi. Nanunso mufufute."

Javlon sanafufute.

* * *

Lamlungu amayi a m'deralo anasonkhana m'chipinda chachikulu kwa a Tursunoy. Nsalu yodyerapo inayalidwa pansi kuchokera kukhomo mpaka kuzenera, ndipo pa iyo panali buledi, mphesa zouma, shuga ndi timbale ta tiyi. Amayiwo anakhala pamakhushoni mozungulira. A Tursunoy anakhala kumtunda, Munisa ali pamiyendo. Anali mayi wamng'ono thupi, wowuma, amene chimwalirireni mwana wawo yekhayo sankadya mpaka wina awakumbutse. Si kuti anali ndi mtima woipa. Hulkar atadwala m'nyengo yozizira, iwo ndi amene ankamusisita mapazi ndi mafuta.

Zidutswa zisanu ndi ziwiri zija anaziviika mumkaka. Mayi wamkulu wa m'deralo anapemphera, onse n'kupukuta nkhope ndi manja, ndipo a Tursunoy anayamba kumudyetsa mwana ndi zala. Munisa ankatafuna, chidole atachipanira m'khwapa.

Hulkar anali kumalo kwa kelin, pafupi ndi khomo, akuthira tiyi n'kumapereka ndi dzanja lamanja, lamanzere lili pachifuwa.

"Ndi chimenechi chidole chotchukachi?" anatero Charos, amene anakhala pafupi ndi a Tursunoy. "Javlon aka anachipesa tsitsi ngati mkwatibwi. Tabwera nacho, kamwana, tichimve."

Anachisolola m'khwapa mwa mwana, n'kuchikhazika pamiyendo pake, n'kukanikiza pamimba.

"Amayi," chinatero chidole ndi mawu a Hulkar. "Madzi."

Amayi aja anaseka pang'ono. Wina anati zinthu za masiku ano n'zodabwitsa. Wina anati iye sankadziwa n'komwe kuti kelin wa a Tursunoy ali ndi mawu.

Hulkar anaika ketulo pansi. Pakati pa iye ndi Charos panali nsalu yokha, ndipo akanangoilumpha akanafika. Koma pansalupo panali buledi. Munthu salumpha buledi, ndipo mwendo wake unakana wokha iye asanaganize n'komwe. Anayamba kuzungulira kumbuyo kwa alendo, akupepesa, akudutsa pakati pa misana ndi khoma.

"Buledi. Mphaka."

"Pepani, azakhali. Pepani."

"Bwera kwa amayi, Munisa."

Mayi wina wonenepa anachedwa kupinda miyendo. Hulkar anatambasula dzanja, koma Charos anali atatembenukira kwina, ngati akuonetsa chidolecho kwa a kuzenera.

"Taonani, Hulkar," anatero mawu a mwamuna, "chikukutsinzinirani diso ngati anyamata ogulitsa makangaza."

Kenako kuseka kuja kunadzaza chipinda chimene pafupifupi chaka chonse munthu anali asanasekemo.

Palibe anagwedezeka. Mayi wamkulu uja anayang'ana m'kambale kake ka tiyi. Charos anatsegula maso ngati munthu wodabwa, ndipo mwina pang'ono anadabwadi, poona mmene nkhope ya a Tursunoy inasinthira.

Munisa yekha ndiye anaseka. Anatsika pamiyendo ya agogo ake, n'kulanda chidole, n'kuchikumbatira mwamphamvu, tsaya lake pa tsitsi lachikasu lija.

"Amayi," anatero, momveka bwino lomwe.

Sanali kuyang'ana Hulkar.

"Buledi wagwira ntchito," ananong'ona wina.

* * *

Alendo atapita, a Tursunoy anakhalabe pamalo pawo. Hulkar anatola timbale, n'kusesa nyenyeswa za buledi ndi dzanja n'kuziika pambale. Munisa anali atagona pakhushoni.

"Siya zimenezo, kelin. Khala pansi."

Hulkar anagwada.

"Ine ndimati tikulira limodzi. Ukakhala chete, ndimati mtima wako uli kumanda komwe kuli wanga. Ndimauza anthu kuti Mulungu ananditengera mwana wamwamuna n'kundisiyira wamkazi."

"Amayi, palibe chimene chinachitika. Diso la chidole linatsekeka, basi."

"Ndikukhulupirira. Ukananena kuti chinachitika, mwina bwenzi ndikukwiya n'kuiwala. Koma iwe unalowa m'nyumba muno uli mkwatibwi, Sanjar ali moyo. Kuseka kumeneko sindinakumvepo. Iyenso sindikudziwa ngati anakumvapo."

A Tursunoy sanadikire yankho.

"Mawa upite kwa bambo ako, ukapume. Ndawaimbira kale. Anthu a mumsewu uno ayambe atha kulankhula."

"Ndikamulongedzere zovala Munisa."

"Zako zokha."

"Amayi..."

"Kunja kukuzizira, ndipo kwanu mbaula ndi imodzi. Mwana atsala."

"Wangoyamba kumene kulankhula. Dokotala anati azimva mawu anga tsiku lililonse."

A Tursunoy anayang'ana pakhushoni pamene mwana anagona atakumbatira chidole.

"Mawu ako ali apo," anatero. "Unamva wekha amene anamutchula amayi."

* * *

Nkhani inafika mumsika Javlon asanatsegule shopu. Wokonza nsapato anamupatsa moni osamuyang'ana. Kunyumba amayi ake sananene kanthu, zimene zinali zachilendo, ndipo Charos analeka kubwera. Javlon analembera Hulkar kangapo, koma sanayankhidwe. Ankadziuza kuti akanafufuta tsiku lomwe lija. Ankadziuzanso kuti akanafufuta, mwina mwanayo akanakhalabe chete mpaka lero, ndipo sankadziwa kuti pa ziwirizi cholemera n'chiti.

Chakumapeto kwa sabatayo, kukugwa chipale chofewa choyamba, mayi wamng'ono thupi wovala zabuluu anaima pakhomo la shopu, atanyamula chinthu chokulunga mushawelo. Javlon anaimirira n'kuika dzanja pachifuwa.

"Lowani, amayi. Khalani apa pali kotentha."

A Tursunoy sanakhale. Anamasula shawelo n'kuika chidole patebulo. Tsitsi linali litapotanapotana, ndipo pamimba panali pothimbirira chifukwa cha kukanikizidwa.

"Ndinu usta Javlon."

"Ndine."

"Mawu anu ndikuwadziwa. Ndimawamva kuyambira m'mawa mpaka mwana agone. M'nyumba ya mwana wanga." Anapuma. "Watchulanso mawu ena. Madzi. Mphaka. Ntchito yanu ndi yabwino, sindinabwere kudzakunyozani. Ndabwera kuti muchotsemo mawu anu ndi kuseka kuja. Zinazo zitsale."

"Sizitheka, amayi. Kamakinako sikadula pakati. Ndikafufuta, zonse zipita, ndi mawu a amayi ake omwe."

"Ndiye muyitaneni. Nambala yake muli nayo. Abwere pano, alankhulemo mawu ambiri, okwanira mwana kukula nawo. Asaseke. Akamaliza abwerere kwa bambo ake."

"Mwanayo adzamuona?"

"Ayi."

Javlon anayang'ana chidolecho. Maso onse awiri tsopano ankatseguka bwinobwino.

"Amayi, mukundipempha kuti ndikonze chinthu choti chilowe m'malo mwake."

"Ndikukupemphani kuti mugwire ntchito yanu. Mukakana, pakona apo pali mnyamata wokonza mafoni. Iye afufuta zonse osafunsa. Munisa alira sabata imodzi, kenako azolowera. Anazolowera kale kukhala chete."

Foni ya Javlon inanjenjemera patebulo, pafupi ndi dzanja la chidole. Onse awiri anaona dzina la Hulkar litatuluka. Iye anaitenga n'kuwerenga.

"Ndamva kuti atuluka nacho. Akafika kwa inu musachikhudze, ndipo musandiyitane. Ndikalankhulamonso kamodzi, sadzandibwezanso pakhomo paja."

A Tursunoy anakoka mpando uja, n'kukhala pansi pang'onopang'ono, n'kupinda manja pamiyendo.

"Muyankheni," anatero. "Mwana ndamusiya akulira kwa aneba. Ndidikira pompano."